Tsabola, jinja, adyo kapena masamba onunkhira: gulu laling'ono la ku Blantyre lidzale chiti?

Tsiku logawana ndalama za banki m'khonde likayandikira, magulu ambiri amayamba kufunsana kuti chaka chino ndalama tiike pati, ndipo zokometsera ndiwo sizilephera kutchulidwa. Wina amati jinja ku Limbe wakwera, wina amati ndalama ili pa adyo, winanso wamva kuti kuli ogula tsabola wouma. Onsewa sakunama. Cholakwika n'chakuti akuyerekeza mbewuzi potengera mtengo wa pa kilo, chonsecho mtengo ndi umene umasintha msanga kuposa china chilichonse. Kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo imene anthu anali nayo m'mutu inasanduka mbiri yakale sabata yomweyo.

Zimene sizisinthasintha ndi zina: mbewuyo imamwa madzi ochuluka bwanji, imafuna manja angati, ndalama ikhala m'nthaka miyezi ingati, komanso mukakolola katunduyo angadikire wogula masiku angati asanawonongeke. Funso lomalizali ndi limene ife timaliika patsogolo. Masamba onunkhira a dhania amadikira tsiku limodzi basi. Tsabola wouma bwino amadikira chaka. Amene ali ndi katundu wodikira amatha kukana mtengo n'kubwerera naye kunyumba. Amene wasenza katundu wosadikira, ikamakwana 3 koloko masana amalandira chilichonse chimene venda wanena.

Komanso Blantyre si dera limodzi pa nkhani ya ulimi. Cha ku Bangwe, Chigumula mpaka kukalowa Bvumbwe m'boma la Thyolo ndi kokwera, kozizirirapo, ndipo chinyontho chimakhalitsa. Mukatsikira ku Chileka, Kunthembwe ndi Lirangwe kumatentha ndipo mvula imadula msanga. Mzinda weniweniwo umalandira mvula ya mamilimita 1,000 kapena kuposerapo pang'ono pachaka, pafupifupi yonse pakati pa Novembala ndi Epulo. Pamwamba pa izi pali chiperoni, chimene chimakonda kubwera mu Juni ndi Julayi, nthawi yomwe katundu wanu ali pathandala. Chiperonichi musachiiwale, chifukwa tikumana nacho kangapo m'munsimu.

Kapiripiri: msika ulipo, nanga manja?

Pa mbewu zonsezi, tsabola wa kapiripiri ndi amene msika wake unakhazikika kale. Kampani ya Nali yakhala ikupanga sosi wa tsabola kuyambira m'zaka za m'ma 1970, ndipo alimi a ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo akhala akulima tsabolayu m'makalabu kwa zaka zambiri, wina n'kumatumizidwa kunja. Mpamba wake ndi wochepa. Pa kota ya ekala njere zolemera magalamu 30 mpaka 50 zimakwanira.

Fesani pa nazale mu Okutobala, m'timizere totalikana masentimita 10, kuya kwake sentimita imodzi, kenako phimbirani ndi udzu wouma. Zikangomera udzuwo muuchotse n'kuukweza kukhala kamthunzi, apo ayi mbande zimatalika n'kuwonda ngati ulusi. Pakatha masabata 6 mpaka 8 wokerani mvula itakhazikika, pa mizere yotalikana masentimita 90, phando ndi phando masentimita 60. Pa kota ya ekala imeneyo ndi mitengo pafupifupi 1,800. Sabata yomaliza pa nazale chepetsani madzi ndi mthunzi kuti mbande zikhwime. Pa phando ikani manyowa owola bwino manja awiri, ndipo ngati feteleza alipo, chitsekero chimodzi cha botolo cha feteleza wokulitsa chimakwana. Urea wambiri amakupatsani chitsamba chobiriwira chokongola, maluwa n'kumangoyoyoka.

Musadzale pamene panali matimati, fodya, mbatatesi kapena mabiringanya m'zaka 3 zapitazi. Zonsezi ndi banja limodzi ndi tsabola, ndipo zimasiyirana matenda m'nthaka. Mukaona mtengo wafota mwadzidzidzi masamba akadali obiriwira, dulani tsinde lake pafupi ndi nthaka n'kuviika nsonga yake m'tambula ya galasi yokhala ndi madzi oyera. Mukaona timaulusi toyera ngati mkaka tikutsika m'madzimo, imeneyo ndi nthenda yofotetsa ya tizilombo ta bakiteriya. Ilibe mankhwala. Zulani mtengowo ndi dothi lake, kautayeni kutali, ndipo khasu limene mwagwiritsa ntchito lisapite pa mitengo ina musanalitsuke.

Kulima kapiripiri sikuvuta. Pamene magulu amagwera ndi pothyola. Kachipatso kake ndi kakang'ono, masentimita awiri okha, ndipo mumathyola kamodzikamodzi, kofiira kokhakokha, kukasiyanitsa ndi kaphesi kake chifukwa ogula ambiri safuna mapesi. Munda umafuna kulowamo sabata iliyonse kuyambira cha mu Malichi kapena Epulo mpaka mu Julayi, ndipo makilogalamu 3 kapena 4 a tsabola wamuwisi ndi amene amatulutsa kilogalamu imodzi youma. Tsono onani kalendala: Epulo ndi Meyi aliyense ali m'munda mwake kukolola chimanga. Gulu limene linadzala ekala yathunthu limapezeka kuti pa tsiku lothyola pabwera anthu atatu, tsabola akupsera mumtengo, wina akugwa, wina mbalame zikudya. Uphungu wathu ndi wakuti banja la anthu awiri ogwira ntchito lisapyole mitengo 500 chaka choyamba. Manja akayamba kuwotcha musathamangire madzi. Pakani mafuta ophikira kaye, kenako sambani ndi sopo, ndipo ana aang'ono asasewere pafupi ndi thandala.

Kuumitsa ndi kumene kumagamula giledi. Thandala likhale lokwera mita imodzi, tsabola ayalidwe mopyapyala, osati pansi pa dothi pamene nkhuku ndi fumbi zimafika. Kukakhala dzuwa amauma pa sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo mumadziwa kuti wauma mukamugwedeza m'manja njere n'kumalira m'kati, mukamupinda n'kuthyoka. Chiperoni chikagwa masiku atatu otsatizana, tsabola wosauma bwino amagwira chuku, ndipo chuku china chimasiya poizoni wa aflatoxin amene ogula otumiza kunja amamuyeza. Ambiri mvula yamawawa ikayamba amaunjika tsabola n'kumukulunga m'pepala la pulasitiki. Kumeneko ndi kumuphika. Mangani denga la pulasitiki yoonekera pamwamba pa thandala, m'mbali musiye potseguka kuti mphepo izidutsa. Posankha, wofiira bwino apite payekha, wotuwa ndi wamawanga payekha, wakuda atayidwe. Matumba akhale atsopano, osati a feteleza, ndipo asanjidwe pa matabwa osakhudza khoma.

Kambuzi ndi nkhani ina

Kambuzi anthu amamugulira fungo, ndipo ogula ake ndi a konkuno: a pachiwaya, a kanyenya, amayi a m'misika ya Ndirande, Bangwe ndi Chirimba. Zipatso zake n'zokulirapo, choncho kuthyola sikupweteka msana ngati kapiripiri. Koma njere zake zimachedwa kumera, nthawi zina mpaka masabata atatu, ndipo mnofu wake ndi wokhuthala moti ukati umuumitse wathunthu amayamba kuwola asanaume. Wamuwisi amakhala sabata imodzi. Nthawi ya dzinja aliyense ali naye kuseri kwa nyumba, mulu umatsika mtengo. Phindu lake lili kwa amene ali ndi madzi othirira, kuti azibereka m'chilimwe ena atasowa.

Ambiri amathawira ku kambuzi wa m'botolo, ndipo ndi nzeru yabwino chifukwa katundu wa sabata imodzi amasanduka wa miyezi. Koma pali ngozi imene sinenedwa kawirikawiri. Tsabola kapena adyo wamuwisi akamizidwa m'mafuta okhaokha, m'botolo mopanda mpweyamo mumatha kuswana kachilombo kotulutsa poizoni woopsa, amene sanunkha ndipo sasintha maonekedwe a chakudya. Chimene chimaletsa kachilomboka ndi asidi. Phikani tsabolayo ndi viniga wa asidi wa 5 peresenti ndi mchere musanathire mafuta, mabotolo ndi zitsekero ziwiritsidwe mphindi 10, ndipo sosi wogulitsa ayezedwe kuti pH yake, umene ndi muyeso wa asidi, ili pansi pa 4.6. Madzi a mandimu okha osayeza musawadalire, chifukwa mandimu amasiyana kuwawasa.

Jinja ndi tameriki: za gulu lotha kudikira

Jinja ndi amene amakopa anthu kwambiri, chifukwa akufunidwa m'tiyi, mu juwisi wopanga kunyumba, komanso chimfine chikavuta. Koma ndi mbewu yodula poyambira. Mbewu yake ndi jinja yemweyo amene mukanagulitsa. Pa malo a mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi pamalowa makilogalamu pafupifupi 20, kutanthauza makilogalamu 200 pa kota ya ekala. Akasamalidwa bwino kilogalamu imodzi imabweza 6 mpaka 8. Akavutika ndi ludzu imabweza 2 kapena 3, ndipo mwadikira miyezi 8 mpaka 10 kuti muone zimenezo. Ndalama ya ngongole yobweza mwezi ndi mwezi isalowe pa jinja.

Ludzulo limabwera chifukwa jinja amafuna madzi ofanana ndi mvula ya mamilimita 1,500 yogwa mwapang'onopang'ono, pamene mvula yathu imatha pa miyezi isanu. Ndiye pamafunika kudzala kumapeto kwa Okutobala mothirira, n'kudzathiriranso mu Epulo ndi Meyi. Wopanda chitsime kapena mtsinje wodalirika asayambe n'komwe. Chodabwitsa n'chakuti jinja yemweyo amadana ndi madzi odikha. M'dimba lathyathyathya mvula ya Januwale ndi Febuluwale imamuwoletsa: masamba a m'munsi amachita chikasu, tsinde mukalikoka limangosololoka, pansi mupeza jinja wofewa wonunkha. Mabedi akhale a mita imodzi m'lifupi, okwera masentimita 20 kapena kuposa, ndi ngalande zotulutsa madzi.

Matenda ambiri amalowa ndi mbewu. Jinja wa pamulu kumsika simudziwa munda umene wachokera, choncho ndi bwino kugula kwa mlimi amene munda wake munauona uli wobiriwira. Dulani zidutswa zolemera magalamu 25 mpaka 30, chilichonse chokhala ndi maso awiri, pakani phulusa pabala n'kuzisiya pamthunzi masiku awiri. Ngati mlangizi ali ndi choyezera kutentha, kuviika mbewu m'madzi a madigiri 50 kwa mphindi 10 kumapha tinyongolotsi ta m'mizu, koma osachita mongoyerekeza ndi chala, mungaphe maso. Dzalani motalikana masentimita 30 mbali zonse, kuya masentimita 5, n'kuphimbira ndi udzu wambiri. Bwerezani kuphimbira pakatha masabata 6 komanso pa miyezi itatu, uku mukukwezera dothi, chifukwa jinja woonekera kudzuwa amabiriwira n'kutsika mtengo. Udzu muzizula ndi manja, khasu limadula mizu. Amalola mthunzi pang'ono, moti pakati pa nthochi amachita bwino.

Ubwino wake waukulu ndi wakuti nkhokwe yake ndi nthaka. Masamba akauma, cha mu Julayi mpaka Sepitembala, mutha kumakumba malinga ndi oda imene yabwera, wotsalayo n'kumadikira pansi. Kungoti akuba nawonso amadziwa zimenezi, ndiye munda wa jinja usakhale kutali ndi nyumba. Pamalo pamene mwakumba musabwezepo jinja kwa zaka 3 kapena 4.

Tameriki, amene ena amamutcha manjano, amalimidwa chimodzimodzi koma ndi wopirira: sagwidwa matenda msanga ndipo ludzu laling'ono amalipirira. Kwa gulu limene likuphunzira kumene, ife tingasankhe tameriki tisanafike pa jinja. Chovuta chake ndi msika. Wamuwisi amagulidwa pang'onopang'ono, ndalama ili mu ufa, ndipo ufawo uli ndi ntchito. Patulani tizala, timizu ta m'mbali, ndi mayi wake, chidutswa chachikulu chapakati, mayiyo musunge mbewu. Tizalato tiwiritseni m'madzi ongokwanira kumiza kwa mphindi 45 mpaka ola limodzi, kufikira thovu litabwera pamwamba ndipo kamtengo ka machesi kakulowa mosavuta. Osawiritsa amachedwa kuuma ndipo mtundu umatuluka wamawangamawanga, wopsetsa kwambiri amatuwa. Kuyanika kumatenga masiku 10 mpaka 15, mwezi wa Ogasiti kapena Sepitembala chiperoni chitapita, ndipo makilogalamu 5 amatulutsa imodzi. Kenako pali nkhani ya chigayo. Eni zigayo za chimanga ambiri amakana, chifukwa wobwera pambuyo panu atenga ufa wachikasu, ndipo akalola, makilogalamu anu oyamba amatuluka osakanikirana ndi ufa wa chimanga. Panganani nawo kuti mukhale omaliza madzulo ndipo mutsuke nokha, kapena sinjani mumtondo n'kusefa ngati ndi wochepa. Ufawo usakhale padzuwa, kuwala kumaufwifwitsa.

Adyo amadya nyengo yozizira

Adyo ali ndi ubwino umene mbewu zinazi zilibe: amalowa m'munda ntchito ya chimanga ikutha, ndipo kuzizira kwa Juni ndi Julayi kumene kumavutitsa woumitsa tsabola ndi kumene iye amafuna kuti apange mutu. Dzalani mu Epulo mpaka pakati pa Meyi. Mukachedwa, kutentha kwa Sepitembala kumamupeza asanamange, ndipo mumakolola timitu ting'onoting'ono, tina tozungulira topanda mano. Pachifukwa chomwechi ndi mbewu ya ku Chigumula ndi madera okwera, osati ya ku Lirangwe.

Adyo woyera wamkulu wochokera ku China amene ali m'masitolo si mbewu. Anazolowera nyengo ina, ndipo kuno nthawi zambiri amangochita masamba. Funani mbewu ya konkuno, monga ya alimi a kumapiri a Ntcheu ndi Dedza. Gawani mitu kutatsala tsiku limodzi kuti mudzale, tengani mano akuluakulu a kunja, ang'onoang'ono a pakati apite kukhitchini. Nsonga iyang'ane kumwamba, kuya masentimita 3 mpaka 5, dzino ndi dzino masentimita 10, mizere masentimita 25. Pa malo a mamita 10 mbali zonse pamalowa makilogalamu 5 mpaka 8. Mizu yake ndi yosazama, choncho amafuna madzi masiku awiri kapena atatu aliwonse, ndipo masamba ake owondawo sapanga mthunzi, moti udzu mukaulekerera masabata awiri wamugonjetsa. Feteleza wobereketsa athiridwe m'masabata 6 mpaka 8 oyambirira okha, wochedwa amachititsa kuti mitu iziwola m'nkhokwe.

Pakatha miyezi pafupifupi isanu, theka la masamba likauma, mukhale mutasiya kale kuthirira masabata awiri kapena atatu. Zulani, mangani m'mitolo, pachikani pamthunzi podutsa mphepo kwa masabata ena atatu. Wouma chonchi amakhala miyezi 4 mpaka 6, ndiye simukakamizika kugulitsa mu Sepitembala pamene aliyense wakolola. Mpikisano ulipo ndithu: ophika m'mahotela amakonda wa kunja uja chifukwa sachedwa kusenda. Wa kuno amapambana pa fungo, ndipo amayi a kumsika amadziwa kuti mano awiri a wa kuno amagwira ntchito ya mano anayi a winayo. Musaiwale mpanda. M'chilimwe mbuzi ndi nkhuku zimatayiridwa, ndipo bedi lonyowa pakati pa dziko louma limaziitana.

Masamba onunkhira: ndalama yachangu, msika wopapatiza

Dhania, minti, pasile, rozimere ndi basil, m'bale wake wa mpungabwe wathu uja, ndi zimene zimabweza ndalama msanga pa malo ochepetsetsa. Mabedi asanu kuseri kwa nyumba ku Machinjiri atha kupezetsa ndalama sabata iliyonse. Koma ogula ake ndi owerengeka: mabanja a chimwenye ku Limbe ndi Mpingwe, malesitilanti, malo ogona alendo a ku Namiwawa, Sunnyside ndi Nyambadwe, ndi masitolo ochepa. Lesitilanti imodzi imafuna timitolo tochepa pa sabata. Mamembala khumi akadzala dhania tsiku limodzi, adzamukolola tsiku limodzi, ndipo theka lake lidzapita kudzala la kompositi. Apa wogula ayambe wapezeka, mbewu ibwere pambuyo.

Dhania safuna kuwokera. Kambewu kake kozungulira kali ndi njere ziwiri m'kati, ndiye kapsinjeni pang'ono ndi thabwa kuti kagawike, viikani m'madzi usiku umodzi, fesani m'timizere totalikana masentimita 20. Bedi la mita imodzi m'lifupi ndi mamita 10 m'litali limadya magalamu 20 mpaka 40, ndipo kukatentha limamwa makheni anayi kapena asanu a malita 10 patsiku. Amene akuthirira ndi madzi a pampopi awerengere bilu asanayambe. Amakololedwa pakatha masiku 35 mpaka 45, choncho fesani bedi latsopano masabata awiri aliwonse kuti wogula asadzamve zoti sabata ino kulibe. Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala amathamangira kuchita maluwa chifukwa cha kutentha. Kamthunzi ka udzu kamathandizako, ndipo amene wachita maluwa musamuzule: njere zake zouma ndi zokometsera zogulitsika, komanso ndi mbewu yanu ya mawa. Zulani m'bandakucha ndi mizu yomwe, kulungani m'chiguduli chonyowa, ikani m'dengu osati m'jumbo, ndipo pofika 8 koloko mukhale muli pakhomo la wogula.

Minti amafalikira ndi mizu mpaka kulanda bedi la mnzake, choncho mutsekereni ndi njerwa kapena mumudzale m'matayala akale. Basil muzimutsina maluwa, ndipo muuzeni wogula kuti mufiriji amada. Rozimere amadzalidwa ndi timitengo ta masentimita 10 mpaka 15, amachedwa kukula, koma akakula safuna madzi ambiri ndipo amauma bwino.

Chinthu chimodzi sitinyengerera. Masambawa ambiri amadyedwa osaphika. Mitsinje yodutsa mumzinda, monga Mudi, imanyamula zoipa za m'mafakitale ndi za m'zimbudzi, ndipo mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 anthu a mu Blantyre sanauiwale. Ngati madzi anu ndi amenewo, limani china, osati masamba odya osaphika. Manyowa a nkhuku nawonso akhale owola, asakhale a dzulo.

Ziwiri zosafuna zambiri

Kwa a ku Kunthembwe ndi Lirangwe amene alibe madzi othirira, chidede ndi chimene chimakwanira. Chimafesedwa ndi mvula yoyamba, mizere masentimita 90, phando ndi phando masentimita 50, chimapirira nthaka yosauka, ndipo masamba ake ndi ndiwo kale. Chimachita maluwa masiku akayamba kufupika, cha mu Malichi ndi Epulo, kotero kuchedwa kudzala kumangochepetsa msinkhu ndi zokolola. Makoko ofiira aja amathyoledwa patatha masabata awiri kapena atatu duwa litagwa, ndipo kapaipi kachitsulo kopyapyala kamathandiza kukankha kabulunga ka njere m'kati. Musadabwe ndi sikelo: makilogalamu pafupifupi 10 amatulutsa imodzi youma. Opanga juwisi ndi tiyi amafuna chofiira kwambiri chopanda mchenga.

Lemonigirasi, udzu wonunkhira ngati mandimu, musamupatse munda. Mudzaleni m'milambala ndi m'malire, motalikana masentimita 60, agwire nthaka m'malo otsetsereka ngati mmene amachitira vetiva. Amayamba kudulidwa pakatha miyezi 4 mpaka 6, kenako miyezi iwiri kapena itatu iliyonse. Aumitsidwe pamthunzi, padzuwa amatuwa n'kutaya fungo. Ndi ndalama yapambali, si yomangira nyumba.

Kugulitsa: kwa venda, kwa kampani, kuhotela kapena m'paketi

Venda wobwera pakhomo amalipira pompopompo ndipo mayendedwe ndi ake, koma mtengo amatchula ndi iye, ndipo amakonda kugula ndi ndowa kapena mulu m'malo mwa sikelo. Gulu likhale ndi sikelo yakeyake. A Malawi Bureau of Standards (MBS), amene likulu lawo lili mu Blantyre momwemuno, ndi amene amayeza ndi kudinda masikelo a malonda. Kukhala ndi benchi yanu ku Limbe kapena ku Lunzu kumakweza mtengo, koma chotsanipo thiransipoti, tikiti ya msika ndi tsiku lathunthu la munthu amene wakhala pamenepo.

Kampani imatenga katundu wambiri nthawi imodzi, ndipo ndi njira yoyenera kapiripiri ndi chidede. Musanafese, pakhale pepala lonena mtundu wa mbewu, magiledi, kauma kake, malo operekera katundu, tsiku lolipira, ndi ngati adzadula msonkho. Mgwirizano wa pakamwa umatha tsiku limene katundu wachuluka. Nanunso musathawitse katundu kwa venda chifukwa wawonjezera pang'ono, chaka chamawa kampaniyo sidzabweranso. Mahotela amalipira bwino koma ambiri amalipira pakutha pa mwezi kapena kupyola, ndipo amafuna invoisi ndi akaunti ya kubanki. Yambani ndi malo awiri kapena atatu, maoda azibwera pa WhatsApp madzulo, katundu apite m'mawa pa kabaza.

Kupakira nokha ufa wa jinja, tameriki kapena tsabola ndi kumene kuli phindu lalikulu pa kilo, komanso ndi kumene kumadya ndalama zambiri musanagulitse paketi imodzi. Masitolo akuluakulu amafuna chizindikiro cha MBS, ndipo kuti chibwere pamafunika chipinda chogwiriramo ntchito chaukhondo, kuyezetsa katundu, ndi lebulo yonena dzina, kulemera, tsiku lopangira ndi lothera ntchito. Apa ndi pamene kulembetsa kopaletivi kumathandiza, ndipo pamafunika anthu osachepera khumi. Ife tingati chaka choyamba gulitsani zosagaya, muone ngati mungathe kutulutsa katundu wofanana mwezi ndi mwezi. Sitolo imene mwaipatsa mapaketi 200 mu Okutobala idzafunanso ena mu Febuluwale.

Tsono mudzale chiti?

Osati zonse. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Tengani ziwiri, imodzi yodikira ndi ina yobweretsa ndalama ya sopo ndi mchere pamene mukudikirapo. Kumtunda kozizira kokhala ndi chitsime, adyo m'chilimwe ndi tameriki m'dzinja zimasinthana bwino manja, ndipo jinja ayambe pa bedi limodzi lochulukitsira mbewu, osati pa ngongole. Kumunsi kotentha kodalira mvula, kapiripiri wochepa ndi chidede. Kwa a m'mphepete mwa tauni okhala ndi madzi oyera ndi foni, dhania ndi minti za maoda, kuphatikiza kambuzi wothirira.

Munda wa gulu wa aliyense umasanduka wa palibe, makamaka pa tsiku lopalira. Zimene zimayenda bwino pamodzi ndi nazale, thandala, sikelo ndi kugulitsa, koma mabedi aliyense akhale ndi ake. Thandala ndi denga lake zimangidwe mu Febuluwale, tsabola asanayambe kufiira. Pa tsiku losonkhanitsa katundu, mlembi alembe kulemera kwa wouma yekha, ndipo thumba la membala aliyense likhuthulidwe pa mphasa anthu akuona. Pisani dzanja pakati pa mulu, tengani tsabola khumi, muwapinde mmodzimmodzi. Awiri akangopindika osathyoka, thumba limenelo libwerere kuthandala lisanasakanizidwe ndi a ena.